Musanati ili ndi tsamba, yambani mwasuzumira m'khwapa mwake

Thyolani tsamba la nyemba muliyike patebulo, nde mufunse anthu kuti apa pali masamba angati. Ambiri ayankha kuti atatu, ndipo simungawanene chifukwa maso akuonadi atatu, limodzi kutsogolo awiri m'mbali. Koma munthu wa botani, sayansi ya zomera, akuuzani kuti tsamba ndi limodzi basi, zitatu mukuonazo ndi zigawo zake chabe, ndipo sikuti akungofuna kuoneka ophunzira ayi, ali ndi njira yodziwira yomwe inunso mutha kuiyesa pompano opanda chipangizo chilichonse.

Njira yake ndi iyi. Tsatirani kapesi ka tsambalo mpaka pomwe kalumikizana ndi tsinde, nde musuzumire pakangodya kapamwamba pomwe ziwirizi zakumana, m'khwapa mwa tsamba, pomwe m'mabuku amati axil. Mupezapo kamphukira, pena kowoneka bwinobwino pena kakang'ono zedi koti mpaka mutsinzine diso limodzi, koma kamakhalapo. Kamphukira kameneka ndi komwe kadzasanduke nthambi kapena duwa. Tsopano bwererani pa timasamba titatu tija muyang'ane patsinde pa kalikonse, simupezapo kanthu. Nde lamulo lake ndi lomwelo, pomwe pali kamphukira ndi pomwe tsamba layambira, ndipo chilichonse chomwe chili kutsogolo kwa kamphukirako, kaya ndi timasamba titatu kaya ndi mazana, ndi tsamba limodzi.

Ine ndimaona kuti nkhani yonse ya mawu ofotokozera zomera yagona pamenepa. Chiwalo cha chomera sichipatsidwa dzina potengera momwe chikuonekera, chimapatsidwa potengera pomwe chachokera ndi zomwe chanyamula. Anthu ambiri amathawa botani chifukwa amayamba ndi kuloweza mndandanda wa mawu achilatini ataliatali, pomwe akanayamba ndi mafunso awiriwa mawuwo akanamangobwera okha.

Tiyeni tikhalitse kaye pa masamba chifukwa ndi omwe mumawapeza nthawi zambiri, maluwa amabwera nkupita. Tsamba lomwe silinagawikane amati simple, logawikana m'timasamba amati compound. Logawikanalo likakhala kuti timasamba tandanda mbali ziwiri za kamsana kamodzi, monga la nimu, ndi pinnate. La mtedza ndi pinnate lomwenso koma timasamba take ndi tinayi tokha. Kamsana kaja kakagawikanso kachiwiri, timasamba nkukhala pa tinthambi take, ndi bipinnate, apa ganizani za jakaranda kapena mthethe, ndipo chammwamba ndiye chimapitirira, chimagawika mpaka katatu, moti chomwe ambiri amachitcha nthambi ya chammwamba pothyola chija ndi tsamba limodzi lathunthu. Timasamba tikachokera pamalo amodzi tonse nkumwazikana, monga pa mlambe waukulu, ndi palmate. Chosangalatsa ndi mlambe nchoti ukakhala waung'ono masamba ake amakhala osagawikana, nde anthu ambiri amaudutsa osauzindikira.

Nanga chinangwa? Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Tsamba la chinangwa limaoneka ngati la mlambe, koma liyang'anitsitseni pakatikati pomwe zigawo zikukumana, muona kuti zalumikizana ndi kachikopa kobiriwira, kung'ambikako sikunafike pansi. Nde ndi tsamba losagawikana lomwe langolowa mkati kwambiri, amati lobed. Papaya ndi nsatsi chimodzimodzi. Ndiye palinso zomera zina za mtundu wa Phyllanthus zomwe zimachita zosemphana, kanthambi kake kamaoneka ndendende ngati tsamba la pinnate, koma mukakatembenuza mupeza timaluwa kapena tizipatso tikulendewera patsinde pa katsamba kalikonse, ndipo poti duwa limatuluka m'khwapa mwa tsamba lenileni, basi mwadziwa kuti aka ndi kanthambi konyamula masamba ambiri ang'onoang'ono. Lamulo limodzi lomwelija likugwira ntchito mbali zonse ziwiri.

Mukathana nazo izi funso lotsatira ndi la kakhalidwe ka masamba patsinde. Pomwe tsamba lamera pamatchedwa mfundo, node, ndipo aliyense amene anagwirapo nzimbe kapena nsungwi akuidziwa mfundo. Pamfundo pakakhala tsamba limodzi, lina nkukhala pamfundo yotsatira mbali ina, ndi alternate. Akakhala awiri moyang'anizana ndi opposite, gwafa ndi khofi ali choncho. Akakhala atatu kapena kuposa kuzungulira mfundo imodzi ndi whorled, oleander amakonda atatuatatu. Zikumveka zazing'ono koma chinthu ichi chokha chimakuchotserani mabanja ambirimbiri a zomera pa kamphindi, ndipo sichisintha wamba ngati kukula kwa tsamba komwe kumatengera mthunzi, madzi ndi chonde. Mukaphatikiza ndi chizindikiro china mumafika pafupi kwambiri. Masamba oyang'anizana, tsinde la ngodya zinayi mukalizunguza pakati pa zala, komanso fungo mukafikisa tsamba, mwayi waukulu ndi woti muli m'banja la Lamiaceae, la minti ndi basil. Masamba oyang'anizana okhala ndi kakhutu kakang'ono pakati pa timapesi tawo tiwiri, mwina muli m'banja la khofi, Rubiaceae.

Timakutu timeneti, stipules, ndi tinthu tomwe ndimaona kuti anthu amatinyozera kwambiri. Timakhala tiwiri patsinde pa kapesi ka tsamba, pena timayoyoka msanga nkusiya kachipsera kokha. Pa nsawawa ndi takulutakulu moti mutha kuganiza kuti ndi masamba. Pa mkuyu timakuta nsonga ya nthambi, tikagwa timasiya kamzere kozungulira nthambi yonse, ndipo mukaona kamzere kameneko pamodzi ndi utomoni woyera mwatsala pang'ono kutchula dzina. Pa mthethe timasanduka minga, nchifukwa chake minga ya mthethe imakhala iwiriiwiri patsinde pa tsamba.

Za maonekedwe a tsamba lenilenilo sinditayapo nthawi yambiri chifukwa mawu ake alipo ochuluka zedi ndipo ambiri amangofanizira ndi zinthu zodziwika. Ovate ndi looneka ngati dzira mbali yotambalala ili kumunsi, mukaikapo ob kutsogolo mwalitembenuza, obovate ndi lotambalala kunsonga. Lanceolate ndi la ngati mkondo, cordate ndi la ngati mtima monga masamba ena a mbatata, linear ndi lalitali lopyapyala ngati la udzu. M'mphepete mukakhala mosalala amati entire, mukakhala mano oloza kutsogolo ngati a sowo ndi serrate, mano oloza kunja ndi dentate, ozungulira ndi crenate. Langizo langa nloti musavutike nkuloweza zonsezi, muyeze mulitali ndi mulifupi, muone pomwe tsamba latambalala kwambiri, mulembe. Munthu wolemba kuti tsamba ndi la masentimita 12 mulitali, 4 mulifupi, lotambalala kumunsi, wanena zomveka kuposa wolemba liwu lachilatini lolakwika.

Koma cheya ndiye musachiphonye. Ndi galasi lokulitsira zinthu la 10x (lokulitsa kakhumi), lomwe anthu a botani amayenda nalo m'khosi, kunsi kwa tsamba kumasanduka dziko lina. Tsamba lopanda cheya ndi glabrous, la cheya chofewa chachifupi ndi pubescent, la cheya chothithikana chopiringizana ndi tomentose, lokhakhala ngati sandipepala ndi scabrid. Pali cheya china chooneka ngati tinyenyezi, tinthambi tambiri kuchokera pamalo amodzi, amati stellate, mumachipeza kwambiri m'banja la thonje ndi hibiscus komanso pa mitundu yambiri ya Solanum, gulu la biringanya. China chimakhala ndi kadontho konata kunsonga, cha phwetekere chija chomwe chimasiya fungo ndi chikasu m'manja. Ndiye tengani tsamba la mandimu muliyang'anitse kudzuwa, muona timadontho towala mbee tambirimbiri, timeneti ndi timatumba ta mafuta ndipo ndi chizindikiro cha banja lonselo. Galasi logwiritsa ntchito bwino ndi lomwe mwaliyandikitsa kudiso kwanu, nde chomeracho nchomwe mumachisuntha kubwera nacho pafupi, osati kutambasula dzanja ngati mukuwerenga nyuzipepala.

Tsopano tilowe pansi pa nthaka pomwe pali chisokonezo chenicheni. Sikuti chilichonse chomwe chili m'dothi ndi muzu. Tsinde limadziwika ndi mfundo, masamba olo atakhala timamba chabe, ndi mphukira. Muzu ulibe zimenezi. Nde tengani mbatatesi muyang'ane maso ake aja, diso lililonse ndi mfundo, kamzere kopindika kali m'munsi mwake ndi chipsera cha katsamba, ndipo timphukira tili m'khwapa mwake monga mwa lamulo lija. Mukawalondola masowo muona kuti akuzungulira mwadongosolo nkumachulukana mbali imodzi, komwe ndi kunsonga ya tsinde. Choncho mbatatesi ndi tsinde lotupa, stem tuber. Mbatata ilibe maso otero, ndi muzu wotupa, chinangwanso ndi muzu. Zomera ziwirizi, mbatata ndi mbatatesi, sizili m'banja limodzi nkomwe, mbatatesi ndi m'bale wa phwetekere ndi fodya pomwe mbatata ili m'banja la Convolvulaceae.

Jinja ndi tsinde loyenda chogona pansi pa nthaka, rhizome, ndipo timizere tozungulira tomwe mumationa paja ndi mfundo zake. Nsungwi ndi maudzu ambiri ovuta kuthetsa amafalikira choncho, nchifukwa chake mukadula ndi khasu mumangowachulukitsa, kachidutswa kalikonse kokhala ndi mfundo kamaphuka. Anyezi mukamudula choimirira muona kuti zigawo zonse zija ndi matsinde a masamba onenepa, tsinde lenileni ndi kachimbale kolimba kapansi komwe kamatulutsa mizu, ameneyo ndi bulb. Koko amaoneka ngati anyezi kunja koma mukamudula ndi wolimba yense opanda zigawo, tsinde lokhalokha, ameneyo ndi corm. Kusiyana kwa ziwirizi mpeni umodzi basi wakuuzani.

Nthochi ndiye imanamiza aliyense. Chomwe timachitcha thunthu la nthochi si thunthu, mulibe mtengo m'menemo, ndi matsinde a masamba okutirana mothinana, nchifukwa chake mutha kumasenda chigawo chimodzichimodzi mpaka kufika pakati. Amati pseudostem. Tsinde lenileni lili pansi, ndipo nthawi yobereka ikakwana limatumiza phesi la maluwa lomwe limakwera kudzera pakati mpaka kutulukira pamwamba. Nde mwa botani nthochi ndi chomera chofewa chachikulu, herb, osati mtengo. Mizu nayonso ili ndi zake, ija imatuluka pamfundo zam'munsi za phesi la chimanga nkulowa m'dothi ngati zogwiriziza ndi mizu yochokera patsinde, ndipo muzu uliwonse womera pamalo pomwe si pamuzu unzake amautcha adventitious. Mukadzala nthambi yodula nkumera, mizu imeneyo ndi yomweyo.

Minga nayo si imodzi. Wochokera m'khwapa mwa tsamba, monga wa mandimu kapena bougainvillea, ndi nthambi yomwe yasanduka munga, thorn, ndipo ndi wolimba chifukwa walumikizana ndi mtengo wamkati. Wochokera ku tsamba kapena timakutu tija ndi spine, apa pali mthethe ndi cactus. Koma wa rozi umamera paliponse patsinde opanda dongosolo, ndipo mukaukankhira chammbali umangothyoka bwinobwino nkusiya kachipsera kosalala, chifukwa wangomera pakhungu, umenewo ndi prickle. Kwa amene wabayidwa zonsezi zilibe ntchito, ululu ndi umodzi, koma pofuna kudziwa dzina la chomera zimathandiza kwambiri. Mwachitsanzo mitundu ina ya Euphorbia, abale a nkhadze, imafanana zedi ndi cactus, koma Euphorbia ukaibaya imatuluka utomoni woyera woopsa m'maso, pomwe cactus minga yake imatuluka pa timapilo ta cheya totchedwa areoles tomwe chomera china chilichonse chilibe. Ndipo kwawo nkosiyana, pafupifupi cactus yense kwawo ndi ku America.

Mwina mukufunsa kuti anayambitsa zonsezi ndani. Theophrastus wa ku Greece, wophunzira wa Aristotle, cha m'ma 300 BC anali atagawa kale zomera kukhala mitengo, zitsamba, tizitsamba ndi zomera zofewa. Koma mawu olongosoka ofotokozera ziwalo anayamba kukhazikika ndi Joachim Jungius wa ku Germany yemwe ntchito yake pa nkhaniyi inasindikizidwa mu 1678 iye atamwalira kale, kenaka Carl Linnaeus wa ku Sweden anawasanja bwino mu 1751. Nthawi imeneyo dzina la chomera linali chiganizo chathunthu chofotokoza maonekedwe ake, mwachitsanzo kachomera kena komwe amphaka amakakonda kankatchedwa Nepeta floribus interrupte spicatis pedunculatis, tangoganizani kuitana zimenezo tsiku ndi tsiku. Mu 1753 Linnaeus anayamba kuika dzina la mawu awiri pa mtundu uliwonse, kachomera kaja nkukhala Nepeta cataria, ndipo chaka chimenecho ndi chomwe mpaka lero chimatengedwa ngati poyambira maina a zomera zambiri. Kufotokoza kuja sikunathe, kunangochoka m'dzina nkupita m'ndime yake. Kuyambira 1935 aliyense wolengeza mtundu watsopano wa chomera ankayenera kuufotokoza m'Chilatini, mpaka msonkhano wa akatswiri a zomera wa ku Melbourne, Australia, mu 2011 unavomereza kuti kuyambira pa 1 January 2012 Chingerezi nacho chiziloledwa.

Linnaeus yemweyo anagawa zomera m'magulu 24 potengera kwambiri ziwalo zachimuna za duwa, kuchuluka kwake ndi kakhalidwe kake. Inali njira yosavuta, umangowerenga basi, koma inkaika pamodzi zomera zosagwirizana nkomwe, nde patapita nthawi inasiyidwa, anthu nkutsata mabanja achilengedwe monga momwe Antoine-Laurent de Jussieu anawasanjira mu 1789. Komabe Linnaeus anali atalozera malo oyenera. Duwa ndi lomwe limanena zoona za chibale cha chomera kuposa tsamba, chifukwa masamba amasintha kutengera malo pomwe kapangidwe ka duwa kamakhala kokhazikika m'banja.

Duwa liwerengeni kuchokera kunja kulowa mkati, zigawo zake ndi zinayi. Kunja kuli timasamba tobiriwira tomwe tinakuta duwa lisanamasule, sepals, tonse pamodzi calyx. Kenaka masamba amitundu aja, petals, onse pamodzi corolla. Kenaka stamens, timapesi tonyamula timatumba ta mungu. Pakatikati pali chiwalo chachikazi chokhala ndi ovary pansi momwe muli timbewu tosakhwima, kakhosi kotchedwa style, ndi kamutu kolandira mungu, stigma. Hibiscus ndi duwa labwino kuphunzirirapo chifukwa zonse nzazikulu, ma stamens ake alumikizana kupanga kapaipi kozungulira style, ndipo kunsonga kuli timitu tisanu. Werenganinso nambala. Zigawo zikakhala zitatuzitatu kapena zisanu ndi chimodzi, masamba a chomeracho nkukhala ndi mitsempha yoyenda mondondozana, nthawi zambiri muli ku ma monocot, gulu la udzu, anyezi ndi nthochi, lomwe mbewu yake ili ndi katsamba koyamba kamodzi. Zikakhala zinayi kapena zisanu, mitsempha nkukhala yolukana, muli ku mbali ya nyemba ndi anzake.

Mu 1790 Goethe, yemwe ambiri amangomudziwa ngati mlakatuli, analemba kuti ziwalo zonsezi za duwa ndi masamba osinthika. Poyamba zimamveka ngati ndakatulo koma umboni wake uli pa rozi. Rozi wakutchire ali ndi ma petals asanu ndi ma stamens ambirimbiri, pomwe wodzala uja wothithikana ma petals owonjezerawo ndi ma stamens omwe asanduka, ndipo mukamusanthula mpaka pakati pena mumapeza tina tili pakatikati, theka petal theka stamen, kathumba ka mungu kali m'mphepete.

Chinthu chimodzi chomwe ndimakonda kuonetsa anthu ndi malo a ovary, chifukwa mutha kuchiona olo duwa litafota kale, chipatso chimasunga umboni. Tengani phwetekere, kanyenyezi kobiriwira kaja kali mbali ya kapesi, kusonyeza kuti ovary inali pamwamba pa zigawo zina za duwa, superior. Tengani gwafa kapena apulo, zotsalira za calyx zili kunsonga, mbali yotalikirana ndi kapesi, kusonyeza kuti ovary inali pansi pa duwa, inferior. Pa dzungu ndiye zimaonekeratu, duwa lachikazi limakhala ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake lisanamasule nkomwe, lachimuna lili pa kapesi kowonda kopanda kanthu, nde amene amadandaula kuti maluwa ambiri akungoyoyoka osabereka nthawi zambiri akuona achimuna omwe ntchito yawo yatha.

Chomera chokhala ndi maluwa achimuna ndi achikazi osiyana koma pa chomera chimodzi amati monoecious, dzungu, nsatsi ndi chimanga zili choncho. Akakhala pa zomera zosiyana ndi dioecious, monga zimakhalira ndi mapapaya ambiri. Pa chimanga ngayaye zakumwamba ndi maluwa achimuna, ndevu zija ndi ma style ataliatali, ndipo ulusi uliwonse umapita ku njere imodzi, ulusi womwe sunalandire mungu njere yake siikhwima, ndi magweru aja mumawaona pa chitsononkho. Zoti zomera zili ndi chachimuna ndi chachikazi anazitsimikiza ndi Rudolf Camerarius wa ku Tübingen, Germany, mu 1694, ndipo zina mwa zomera zomwe anayesera pochotsa maluwa achimuna ndi nsatsi ndi chimanga chomwechi.

Ndiye pali maluwa omwe si duwa limodzi. Mpendadzuwa ndi mutu wonyamula timaluwa mazanamazana, tam'mphepete tili ndi lilime limodzi lalitali lachikasu, tapakati ndi timapaipi ting'onoting'ono tomwe timamasula kuyambira kunja kulowa mkati, ndipo kalikonse mwa tapakatito kamabereka njere yake. Mutu wotere ndi capitulum, ndi chizindikiro cha banja la Asteraceae lomwe lili ndi mitundu yoposa 20,000, chisoso ndi letesi zili momwemo. Pa bougainvillea zofiira kapena zapinki zija si ma petals, ndi masamba osinthika otchedwa bracts, maluwa enieni ndi timapaipi titatu toyera tili pakati. Poinsettia chimodzimodzi. Nkhuyu ndiye anthu amati mkuyu suchita maluwa, pomwe maluwa ali mkati mwa nkhuyumo, mazanamazana, atsekeredwa m'kathumba kokhala ndi kabowo kunsonga komwe timavu tating'ono timalowera kukasiya mungu.

Chipatso mwa botani ndi ovary yokhwima, basi, kaya nchotsekemera kaya ayi. Nde khoko la nyemba ndi chipatso, therere lobala lija ndi chipatso, ngakhale njere ya chimanga ndi chipatso chathunthu chomwe khungu lake lamatirira ku mbewu, caryopsis. Chipatso chofewa monse chokhala ndi mbewu mkati ndi berry, ndipo apa pakulowa phwetekere, mphesa ndi nthochi, pomwe sitiroberi sakulowa, chofiira chija ndi nsonga ya kapesi ka duwa yotupa, zipatso zenizeni ndi tinjere tili kunja tija. Mango ndi drupe chifukwa mbewu yake ili m'chikhokho cholimba. Mtedza umachita maluwa pamwamba pa nthaka, duwa likalandira mungu limatulutsa kamsomali komwe kamaweramira pansi nkuboola dothi, chipatso nkukakhwimira komweko, nde olo mumachita kukumba, mtedza sumera kumizu. Yang'anani bwino mukazula, makoko onse alendewera ku timapesi tochokera kunthambi, pomwe kumizu kuli timatuza ting'onoting'ono momwe mumakhala mabakiteriya ogwira nayitrojeni.

Maudzu ndi omwe amagwetsa ulesi anthu ambiri chifukwa onse amangooneka ofanana, koma nawonso ali ndi poyang'ana. Tsamba la udzu lili ndi mbali yokuta phesi ndi mbali yotambalala, ndipo pomwe ziwirizi zakumana, mukakokera tsamba kumbuyo pang'ono, pali kalilime kakang'ono, ligule, pena ndi kachikopa pena ndi mzere wa cheya, ndipo kameneka kamasiyanitsa mitundu olo udzu usanachite ngayaye. Zunguzani phesi pakati pa zala, likakhala lozungulira lokhala ndi mfundo ndi udzu, likakhala la ngodya zitatu lopanda mfundo zotupa ndi la banja lina, Cyperaceae, la gumbwa.

Ena amati zonsezi nzachikale chifukwa masiku ano umangojambula ndi foni apu nkukuuza dzina. Ma apu amenewa amathandiza ndithu, ine sinditsutsa, koma amayankha molimba mtima olo pomwe alakwitsa, ndipo ngati simudziwa poyang'ana mulibe njira yowatsutsira. Komanso chithunzi chomwe ambiri amajambula ndi tsamba limodzi lothyola lili padzanja, chomwe chataya kale theka la umboni, sichikuonetsa ngati masamba anali oyang'anizana, ngati panali timakutu, ngati ndi tsamba lathunthu kapena kachigawo chabe. Jambulani nthambi yokhala ndi mfundo zingapo, kunsi kwa tsamba, duwa chakutsogolo ndi cham'mbali, chipatso ngati chilipo, khungwa, ndi chomera chonse chili pamalo pake, muikepo rula kapena chala kuti kukula kudziwike.

Ndipo pali zina zomwe kamera siigwira komanso zomwe zimatha chomera chikauma. Ku malo osungira zomera zouma, herbarium, ngati ya ku Kew ku London komwe kuli zitsanzo pafupifupi 7 miliyoni, chomera chimapanidwa pakati pa mapepala nkumatidwa pa pepala lolimba, ndipo patatha zaka duwa lofiira, lachikasu ndi loyera onse amangosanduka abulauni. Nchifukwa chake wotola amalemba pomwepo asanachoke, mtundu wa duwa, fungo la tsamba akalifikisa, ngati panatuluka utomoni ndi mtundu wake, kutalika kwa chomera, ngati chinali choyanga, chokwawa kapena choimirira, dothi lake, tsiku ndi malo enieni. Nthambi yopanda duwa kapena chipatso amaitcha sterile ndipo akatswiri amaiyang'ana monyinyirika, nde ngati mtengo womwe mukufuna kuudziwa ulibe maluwa panopa, yang'anani pansi pake kaye, nthawi zambiri pamakhala makoko kapena njere za chaka chatha, mutole zimenezo muike m'kaenvulopu pamodzi ndi nthambiyo.